Ndinamusankhira Hotela ya Udzu

Mng'ono wanga anatsika minibasi pa Chinyunyu tsiku lina m'mwezi wa Julaye, ine ndili ndi zenga m'manja, zinyalala za udzu zili mbwee m'tsitsi. Ndinali nditangotula mtolo wachitatu kuchokera kudambo. Ndinamuona akubwera m'kanjira ka pakati pa minda atavala nsapato zazitali kuchidendene, akuponda mosamala ngati dothi lathu limaluma, ndipo choyamba chimene ndinachita ndi kutsitsa chitenje kuti chibise ming'alu ya kumapazi kwanga. Tangoganizani, kubisira mapazi mwana woti ndinkamuchotsa matekenya ndi singano ine ndemwe.

Timasiyana zaka zisanu ndi zinayi. Amayi atamwalira iye anali asanayambe n'komwe sukulu, ine ndili Giredi 7. Atate anali atabwerera kale kwawo kum'mawa n'kukakwatira kwina, moti panalibe zokambirana zambiri. Yunifolomu yanga ndinaipinda, pambuyo pake inadulidwa kuti imukwane iyeyo. Ndinamulera ndi tomato, nthochi ndi chimanga chootcha pamsewu waukulu wopita ku Chipata, pafupi ndi madzi otentha aja amene anthu apaulendo amaimira kuti awagwire n'kukuwa. Mutu anali nawo mwanayo. Anamaliza sukulu, anaphunzira kutaipa ku Lusaka, anapeza ntchito mu ofesi, kenaka anakwatiwa ndi mwamuna waulemu wogwira ntchito pakampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza.

Koma panali chinthu chimodzi chimene Lusaka inalephera kumuchotsa. Sankachita chinthu chachikulu asanandifunse. Ntchito itapezeka anabwera kudzafunsa ngati aivomere. Mwamuna atamufunsira anabwera naye kuti ndimuone kadyedwe ndi kakhalidwe. Ngakhale nsalu ya diresi la ukwati, anabweretsa tizidutswa titatu mu envulopu. Ankafika, n'kumanga chitenje pamwamba pa zovala zake za mu ofesi, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ba sisi, muganiza bwanji?" Ine ndikanena, zinkakhala zomwezo. Akazi anzanga ena anali ndi nyumba za malata, ena njinga zawozawo, wina anali ndi mwana msilikali. Ine chuma changa chinali chimenecho, chakuti mtsikana wa mu ofesi amakwera minibasi ulendo wonsewo kudzamva maganizo anga. Shuga ndi sopo zimene ankabweretsa zinkatha m'masabata awiri, koma kufunsidwako kunkandisunga miyezi.

Tsiku limenelo titalonjerana, nditamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, anagwada monga mwa masiku onse.

"Ba sisi, nabwela na nkhani. Alamu anu awina ku nchito."

"Awina chani? Njinga?"

Anaseka. "Ulendo, ba sisi. Agulitsa mbeu kupambana anzao onse, manje kampani yatipatsa ulendo wa anthu awili, wa pa ndege, ku Mauritius. Sabata yathunthu."

Ndinafunsa kuti kumeneko n'kuti. Anati ndi chilumba cha pakati pa nyanja ya mchere, kupitirira Mozambique, kupitiriranso chilumba china chachikulu. Ine madzi ambiri amene ndinali nditaonapo anali a Luangwa, nawonso ndinawaonera pawindo la basi tikupita kumaliro. Ndinati, "Oho, zabwino zimenezo," koma mawuwo anatuluka opyapyala.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa timabuku titatu ta mapepala onyezimira. Kampani inati asankhe hotela imodzi mwa zitatu, iliyonse imene akufuna, zonse zili pamchenga m'mphepete mwa nyanja. Mwamuna wake anamusiyira iye kuti asankhe.

"Ine nakamba kuti siningasankhe ba sisi asanaone," anatero akuyala timabukuto pamphasa.

Nthawi yomweyo anatulukira mnzanga amene tinkagulitsa naye tomato pamsewu, mayi wa pakamwa posatseka. Anali ataona mlendo akutsika, ndiye anasiyira ana ake benchi n'kubwera kudzapereka moni amene sanathe mpaka madzulo. Tinawerama tonse atatu.

Hotela yoyamba inali nyumba yosanja yoyera, yaitali kuposa nyumba zimene ndinaziona ku Lusaka, mawindo okhaokha. M'zipinda munali makapeti ofiira, tivi, foni pambali pa bedi, ndi makina oziziritsa mpweya. Chala cha mng'ono wanga chinkangobwerera pa chithunzi chimodzi cha kachipinda ka magalasi. "Muone ba sisi, muli na lifiti. Ukwela uona nyanja." Maso ake ankawala ngati tsiku lija ndinamugulira nsapato zake zoyamba. Hotela yachiwiri inali ndi dziwe lalikulu losambiramo, lopindikapindika, pakati pake pali malo omwerapo, ndipo m'mbali mwake munagona azungu ovala tinsalu toti kuphatikiza tonse sitingakwane duku limodzi. Mnzanga wa tomato anaphimba kumaso ndi dzanja, zala zili zotambasula.

Ndinagwira tsamba limodzi kuti ndione bwino mchenga woyera uja. Chala changa chinasiya chidindo cha dothi ndi thukuta pakati penipeni pa nyanja. Mng'ono wanga anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta, uku akupitiriza kulankhula, osadziwa n'komwe kuti wachita kanthu. Ine ndinabweza dzanja n'kuliika pansi pa ntchafu.

Sindikufuna kuzikometsa. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa. Ndinayang'ana zala zake zosalala n'kuyang'ana zanga zochekedwa ndi udzu. Ndinakumbukira kuti kusukulu masamu ndinkakhoza kuposa iyeyo. Ndinaganiza kuti akanamwalira mochedwa amayi, kapena ndikanabadwa wachiwiri ine, bwenzi amene akusankha pakati pa lifiti ndi dziwe ndili ineyo, wina akundidulira udzu. Ndinkamukonda mwanayo, ndipo pa nthawi yomweyo ndinkafuna kuti ndege yawoyo ingosowa mafuta isananyamuke.

Kenaka anatsegula kabuku kachitatu. Munali tinyumba tozungulira ta udzu, tomwazikana pansi pa mitengo ya kokonati. Mizati yake inali mitengo wamba yosapala bwino. Pakhomo pankalendewera nyali ya palafini. Mng'ono wanga anawerenga Chingelezi chake pang'onopang'ono akutimasulira: m'zipinda mulibe tivi, mulibe foni, alendo amayenda opanda nsapato, ndipo bafa lili panja, lozingidwa ndi kampanda, kumwamba kuli pululu.

Mnzanga wa tomato anaseka mpaka kugwira nthiti. "Manje kusiyana kwake na kuno n'chani? Bwelani mugone kwanga sabata imodzi! Udzu ulipo, nyali ilipo, bafa ya panja ilipo, madzi otentha ali paja aulele. Nsapato nazo tizakulandani."

Mng'ono wanga anasekanso n'kukankhira kabukuko kumapeto kwa mphasa. "Iyi anangoikilako kuti zikwane zitatu," anatero.

Muyenera kumvetsa kuti udzu unali chiyani kwa ife. Mwamuna wanga anali wofolera nyumba wodziwika kuchokera ku Chinyunyu mpaka ku Mpanshya, ndiye mwadziwa kale kuti denga lathu linali lodontha. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati ndinali ndikuimba nyimbo ya malata. Chaka chilichonse ankati tikakolola, ndipo chaka chilichonse kunkabwera chilala, kapena ogula chimanga osabwera, kapena matenda. Kwathu munthu akakhoma malata anthu ankabwera kudzaonerera, n'kumati auje atuluka mu udzu. Udzu unali wa chiswe, makoswe ndi moto. Palibe munthu wa mutu wake amene akanakwera ndege kuwoloka nyanja kukagona pansi pa udzu.

Ganizo limenelo ndi limene linandikomera. Linabwera lokha, mwakachetechete, n'kukhala pansi mumtima mwanga ngati mlendo wozolowera pakhomo. Apite, akwere ndege yakeyo, koma akafike n'kupeza zomwe anasiya kuno. Akasambe panja mphepo ikumuwomba. Akabwera, akazi a pamsewu akamufunsa za lifiti, adzasowe chonena.

"Ba sisi, muganiza bwanji?"

Ndinakhosomola, n'kukhala bwino, n'kutulutsa mawu anga aukulu aja. Ndinati nyumba yosanja ndi yoopsa, moto ukabuka munthu ali pamwamba amatsikira pati? Ndinati lifiti imayendera magetsi, ndipo magetsi tonse tikuwadziwa khalidwe lake. Za hotela ya dziwe ndinati mkazi wanzeru satengera mwamuna wake watsopano kumalo kumene akazi amagona chagada atavala tizingwe, chifukwa maso alibe mpanda. Mnzanga wa tomato anavomereza mwamphamvu pamenepo. Kenaka ndinatambasula dzanja, n'kukoka kabuku kotayidwa kaja, n'kukaika pakati.

"Iyi ndiye yabwino. Ya phee, yaulemu. Munthu saiwala kumene anachokera."

Mnzanga anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, kudikira kuti ndiseke. Sindinaseke.

Mwamuna wanga anafika nthawi imeneyo akukankha njinga yodzaza luzi. Atalonjera mlamu wake, tinamupatsa kabukuko. Anakayang'ana nthawi yaitali, akukasendeza pafupi ndi maso, osayang'ana nyanja kapena mchenga.

"Amene anafolera apa ni katswiri," anatero. "Taonani kunenepa kwa udzu, ufika mkono wathunthu. Taonani m'mphepete mmene anadulira, ngati buledi. Uyu udzu anachita kupesa umodziumodzi. Denga lotere safolera munthu wosauka."

Palibe amene anamumvera. Wofolera akatamanda udzu n'chimodzimodzi wogulitsa tomato kutamanda tomato wake. Ine ndinangotolapo zondithandiza. "Wamva? Ngakhale alamu ako avomereza."

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Sanandiyang'ane nthawi yaitali, mwina kupuma kuwiri kapena kutatu, koma ine ndinayamba kuchotsa zinyalala pamphasa. Kenaka anasonkhanitsa timabuku take, ka udzu kali pamwamba, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Chabwino ba sisi. Namvela."

Anadya pang'ono, anasiya shuga ndi sopo, n'kukwera minibasi ya masana. Kabuku ka hotela yosanja anakaiwala, kapena anakasiya dala, pansi pa mphasa.

Kabuku kameneko ndinakasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Masabata oyamba ndinkakatulutsa pakhomo pakakhala palibe anthu, n'kumayang'ana lifiti ija, mtima uli myaa podziwa kuti sadzaikwera. Koma kukoma kwake sikunakhalitse. Pofika mwezi wa Ogasiti kunayamba kundiwawa. Ndinang'amba pepala m'kope la mwana wanga n'kulemba kalata yoti ndaganizanso, atenge yosanja ija. Kalatayo inakhala masiku anayi m'chitenje, madalaivala odziwana nawo akudutsa m'mawa ndi madzulo, ine osaipereka. Tsiku lachisanu ndinayatsira mbaula. Nditapita kukalapa ndinaulula miseche ndi kupsa mtima, ndinaululanso zoika tomato woola pansi pa mulu, koma za hotela ndinabwerera nazo kunyumba.

Ananyamuka mu Seputembala. Sabata imeneyo ndege iliyonse yodutsa kumwamba ndinkaiyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Anabwera kudzationa mvula itayamba, kumayambiriro kwa Disembala, iye ndi mwamuna wake, pa galimoto ya kampani. Galimotoyo anaisiya kumsewu chifukwa cha matope. Atangofika mvula inatsika, moti tonse tinadzazana m'nyumba mwanga, pamodzi ndi mnzanga wa tomato ndi akazi ena awiri amene anathawira momwemo mwadala. Pakati pa chipinda panali beseni lolandira madzi odontha, ndipo alendo anakhala molizungulira ngati ndi mbale ya ndiwo.

Ine ndinali nditakonzeka. Ndinali nditayeserera nkhope yachisoni ndi mawu akuti, "Pepani, sindinadziwe." Koma mlamu wanga, asanamwe n'komwe madzi, anatsika pampando, n'kunjuta patsogolo panga, n'kuwomba m'manja.

"Alamu, muli na maso imwe. Sinidziwa kuti munaona bwanji."

Anafotokoza. Atatsika ndege, anthu ena onse anakwezedwa m'basi imodzi kupita ku hotela yosanja ija, koma iwo awiri anadzatengedwa ndi galimoto yawoyawo, dalaivala atavala zoyera, akuwapatsa tinsalu tozizira topukutira kumaso. Kanyumba ka udzu kaja m'kati mwake munali motakasuka kuposa nyumba yawo yonse ya ku Lusaka. Anali ndi wantchito wawowawo wowafunsa m'mawa uliwonse chimene akufuna kudya. Bafa la panja lija linali ndi maluwa, madzi otentha akutuluka m'mwala. Tsiku lina anapita kukaona hotela yosanja, n'kupeza anthu ali pamzere wa chakudya ngati kuchigayo, ana akulira, lifiti ikudikiridwa ndi khamu. Anamva kuti kutinyumba ta udzu kuja ndi kumene kumagona nduna ndi anthu olemera zenizeni, otopa ndi ma tivi. Atabwerera kuntchito, bwana wake wamkulu anamufunsa kuti anamuuza ndani za malo amenewo, poti ngakhale iyeyo anali asanagoneko.

"Ninabauza kuti ni alamu anga a ku Chinyunyu," anatero monyadira.

Buku la zithunzi za ulendowo limene anabwera nalo linayamba kuzungulira. Ndinamuona mng'ono wanga ali chiimire pamchenga wopanda nsapato, mphepo ikuulutsa diresi lake, akuseka mano onse. Ndinamuona ali pabedi lalikulu loyera lowazidwa maluwa, pamwamba pake pali denga la udzu losalala ngati mphasa yatsopano. Ndinamuona m'bwato, ndinamuona akudya chinthu chofiira cha miyendo yambiri. Sanakongolepo choncho chibadwire. Madzi anali kugwera m'beseni, tho, tho, ndipo nsanje imene ndinkaganiza kuti yasanduka chisoni inadzukanso yonse, itanenepa. Ndinamukumbira dzenje, iye n'kugweramo n'kupezamo uchi.

Mwamuna wanga anatenga chithunzi chimodzi n'kupita nacho pakhomo powala. "Ninakamba ine," anatero, osauza munthu aliyense.

Akazi aja anatembenukira kwa ine. Mnzanga wa tomato, yemwe uja anaseka mpaka kugwira nthiti, ndiye anali patsogolo. "Mawu a akulu akoma akagonera! Ise tinali kuseka, kansi anzathu aona patali." Alendowo anandipatsa mphatso zanga pamaso pa onse, nsalu yopepuka ya maluwa abuluu ndi chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja. Ndikanatha kukhala chete. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ine ndinangoona kuti pamalo paja pali ulemu." Ndinalandira matamando onsewo ndi manja awiri.

Mng'ono wanga sanalankhule zambiri. Ankamwetulira, akutchula chimene chili pachithunzi akafunsidwa. Koma ine ndinaona zina zimene amuna aja sakanaona. Nkhope inali itayera, khosi litada pang'ono, ndipo kapenta atayamba kununkhira kuchokera kukhitchini anatuluka panja mvula ikugwa. Mimba yoyamba kwathu si nkhani ya mwamuna ndi mkazi wake okha. Mtsikana amauza mkulu wake, mkuluyo n'kuitana azimayi odziwa kuti amulangize za kadyedwe, kavalidwe ndi za tsiku lobereka. Amayi kulibe, ntchito yonseyo inali yanga, ndipo mwana akabadwa dzina loyamba linali loti nditchule ine. Ndinadikira kuti andikokere kuchipinda. Sanandikoke, ndipo ndinati mwina anthu achuluka.

Mvula itachepa tinawaperekeza kumsewu. Amuna anatsogola akukambirana za mbewu. Ife awiri tinatsalira m'mbuyo pansi pa ambulera yake imodzi, iye atanyamula nsapato m'manja. Tinayenda mpaka pa mtengo wa mkuyu. Ine ndi amene ndinalephera kupirira.

"Ndiye unasangalala?"

"Maningi, ba sisi."

Tinayendanso pang'ono. Kenaka analankhula akuyang'ana matope, mawu ake ali bwinobwino, opanda mkwiyo.

"Tsiku lija ninalila mu minibasi kuchoka pano mpaka ku Chongwe. Amai ena ananifunsa ngati kuli malilo."

"Kulira chani?"

"Ninaona nkhope yanu. Nikudziwani ba sisi, ndimwe munanilela. Mumwetulila mbali imodzi mukafuna kumenya munthu."

Ndinafuna kukana, koma kukana kwake kunalibe poyambira. Ndinangofunsa chinthu chimene chinandibwerera.

"Nanga unapitiranji kumeneko? Ukanasankha yosanja, ine ndikanadziwa bwanji?"

"Chifukwa ninafunsa. Munaniphunzitsa ndimwe kuti ukafunsa mkulu, uchita zimene wakamba. Ngati sufuna kuchita, osafunsa."

Pamenepo panali poti ndigwade m'matope momwemo. Panali poti ndinene kuti ndinachita nsanje, mwana wa amayi, ndikhululukire. Mawuwo analipo. Koma ine ndine munthu wouma khosi chibadwire, ndipo ndinali nditangodya matamando a nyumba yonse. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Koma si inakhala yabwino?"

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ee, ba sisi. Inakhala yabwino."

Titafika pagalimoto anatsuka mapazi pachithaphwi, anavala nsapato, n'kundipatsa ambulera kuti ndibwerere nayo. Anatsanzika mwaulemu wonse, mpaka kupinda bondo. Za mimba sananene.

Ndinadikira. Khirisimasi inadutsa. Ndinagula chitenje chatsopano chomuveka pa tsiku lomulangiza, ndinauziratu amayi awiri achikulire a kumpingo kuti akhale okonzeka, ndinasiya nkhuku imodzi yoti isaphedwe. Minibasi iliyonse yochokera ku Lusaka ikaima ndinkasiya kasitomala ali chiimire n'kutalikitsa khosi. Shuga ndi sopo zinkafika ndithu mwezi ndi mwezi kudzera kwa madalaivala, pamodzi ndi kakalata kofunsa za ana ndi za munda. Chimanga chinacha, tinakolola. Amayi a kumpingo aja anasiya kundifunsa.

Nkhani ndinaimva kwa mnzanga wa tomato, atabwerako ku Lusaka kokagula salaula, zovala zija za kaunjika. Anatsika minibasi akufuula asanatule n'komwe katundu. "Mwabisa bwanji imwe! Mwana wonenepa so, wamkazi, wafanana na imwe mphuno!" Ataona nkhope yanga anatseka pakamwa, koyamba chidziwireni. Anandiuza pang'onopang'ono kuti anakumana ndi mlamu wanga mumsika n'kupita naye kunyumba. Mwanayo anali ndi masabata atatu. Olangiza anali azakhali a mwamuna, ndipo ndi omwewo amene anakhala naye kuchipatala.

M'mawa mwake ndinamanga nkhuku ija miyendo, ndinapinda chitenje chija, n'kukwera minibasi. Njira yonse ndinkakonza zokalipa. Ndinkati ndikamufunse ngati azakhali amenewo ndi amene anasiya sukulu, ngati ndi amene ankaotcha chimanga padzuwa. Koma atatsegula chitseko anasangalala moona, anandikumbatira, analandira nkhuku ndi manja awiri, anandikhazika pampando wabwino n'kundipangira tiyi wamkaka. Anamanga chitenje changa chija pomwepo. Kenaka analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi mwana, n'kugwada patsogolo panga monga ankachitira kale, n'kumuika pamiyendo panga.

Ndinamuyang'ana mwanayo. Mphuno inalidi yanga. Dzina ndinali nalo lokonzeka kuyambira tsiku la mvula lija, dzina la amayi athu, ndipo ndinali nditaliyeserera m'minibasi. Ndinakweza maso kudikira funso langa.

Mng'ono wanga anakonza kachipewa ka mwanayo, n'kundiuza dzina lake. Anandiuzanso kuti ubatizo udzakhala mwezi wotsatira, kuti anapeza kale omuimirira, ndiponso kuti akusamukira kunyumba ina yaikulupo, anasankha kale. Zonsezo anandiuza mokoma, ali chogwada, osabisa kanthu.

"Dzina labwino," ndinatero.

"Zikomo ba sisi," anayankha. "Tiyi izazizila, imwani."